Mowa wa Anaphiri m'filiji ya amalume

Mwezi uno wa Novembala zakwana zaka ziwiri chimwalirireni amalume anga, a Yotamu Sakala a ku Chiparamba, ndipo mpaka lero anthu akafuna kuwatchula amayamba atsitsa mawu. Sanali mfiti, zimenezo ndikaniretu. Anali munthu wa sipanala ndi pulayala, wopemphera mwa apo ndi apo, wokonda kumasula zinthu zosawonongeka kuti angoona m'kati mwake. Mlandu wawo unali umodzi wokha: anakana kuti mowa wa akazi awo uthe.

Kwathu munthu akamwalira timadikira chaka, kenako timafulula mowa wa bona. Wa mumtsuko woyamba umathiridwa pansi kumanda, wotsalawo anthu amamwa mpaka mbiya zonse zitauma. Mowa ukatha, womwalirayo amanyamuka kupita kwa makolo ake. Usanathe amakhala akadali pakhomo, sali moyo komanso sanapite. Amalume anatapako mowa wa bona wa akazi awo, Anaphiri, nautsekera mumgolo wachitsulo, mgolowo naulowetsa m'filiji ya palafini imene anakonza okha. Anausunga zaka zinayi osamwako ngakhale dontho.

Ine ndine Esinati, mwana wa mlongo wawo. Ndimaphunzitsa pasukulu ya kuseri kwa dambo, ndipo njira yanga inkadutsa pakhomo pawo. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza m'kachipinda kam'mbali mmene munali filijiyo, atagwada ngati munthu wokolezera moto. Anasuzumira lawi kunsi kwake, nadzuka, napukuta manja pathalauza. Pachitseko cha filiji panali mpopi wa mkuwa, ndipo pambali pake panatuluka kawaya kopindika. Anakagwira ndi zala ziwiri.

"Mwauka bwanji, Anaphiri?" anatero, nakoka kawayako.

M'filijimo munatuluka mpweya wautali, wapansipansi, wonga wa munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Iwo anapendeketsa mutu kumvetsera mpaka utatha, kenako anandicheukira.

"Auka bwino. Lero apuma pang'ono chabe, kunjaku kwazizira. Sulonjera, iwe?"

Ndinalonjera. Ndikanatani? Ndinawomba m'manja pamaso pa chitsulo choyera, ndili ndi mabuku a ana kukhwapa, ndipo tsiku lonse choko chinkandigwa m'manja.

Mgolowo unachokera kumigodi. Amalume anagwira ntchito zaka zambiri kukalabu ina ku Kitwe, m'chipinda chapansi mmene ankasungira mowa wa azungu, uja wotuluka pampopi. Iwo ndiwo ankagubuduza migolo, kutsuka mapaipi ndi kuona kuti makina oziziritsa asaime. Atapuma ntchito, anzawo anabwerera kumudzi ndi malata, njinga ndi makina osokera. Amalume anatsika basi ku Chipata ndi mgolo wopanda kanthu, umene iwo ankautcha kegi, ndi mpopi m'thumba la jekete. Anaphiri ankauza aliyense wobwera kudzawalonjera kuti amuna a anzawo abweretsa chuma, awo abweretsa mphika wopanda kamwa.

Filijiyo anakaitenga pangolo kwa mphunzitsi wina wokalamba ku Tamanda, itafa kalekale, nkhuku zikuikiramo mazira. Atafika nayo anaiimika chazondoka pabwalo tsiku lathunthu, miyendo m'mwamba. Anthu odutsa anaseka mpaka kugwira nthiti. Amalume ankangoti mankhwala a m'mapaipi ake agona pamalo amodzi, afunika kuwadzutsa. M'mawa mwake anaitembenuza, anachotsa mashelefu onse kuti kegi ilowe choimirira, naboola chitseko kuti mpopi utulukire kunja. Mnzawo wina atawalangiza kuti aboole m'mbali poti mpopi ungaoneke bwino, anamuthamangitsa ngati wawatukwana. Ankati chitseko chokha ndicho chilibe misempha. Ukaboola kwina ungalase paipi, filiji n'kufa, iwe n'kutsamwa ndi fungo lake.

Malamulo awo anali atatu, ndipo ankawabwereza mpaka makutu kuwawa. Lawi likhale la buluu, likafiira ndiye kuti chingwe choyakapo motocho chafuna kudula. Chitseko chisatsegulidwe mwachisawawa, n'chifukwa chake anamanga kawaya kaja pakabowo kotulutsira mpweya pamwamba pa kegi, kuti azingokoka ali kunja. Lachitatu ndilo ankalikonda kwambiri: filiji ya palafini ikapendama ngakhale pang'ono, siziziritsa, moto uyake bwino chotani. Anaikhazika panjerwa zinayi, ndipo pamwamba pake ankaika sosala ya madzi, kambale kaja ka kapu ya tiyi, n'kuwerama kuona ngati madziwo afika mofanana m'mphepete monse. Ankati n'chimodzimodzi ndi munthu, akapendama mumtima kupemphera mokweza sikuthandiza. Chokondweretsa china kwa iwo chinali chakuti kuzizira konseko kukuchokera kumoto. Ankafunsa ana asukulu kuti afotokoze zimenezo, akalephera n'kuwauza kuti aphunzitsi awo, kutanthauza ine, amangodya malipiro.

Kukalabu kuja mowa ankaukankha ndi botolo la gasi. Amalume analibe, ndipo sanalifune. Ankati mowa wa azungu ndi wakufa, n'chifukwa chake umafuna wowukankha, koma wathu ndi wamoyo, umadzikankha wokha ndi mpweya wake. Ankausefa katatu pansalu kuti masese asatseke paipi, n'kuuthira m'kegi, n'kutseka. Ndipo amene anaukonda kuposa onse anali Anaphiri omwewo onyoza aja. Akachoka kumunda dzuwa lili paliwombo, ankatula khasu, n'kulowa m'kachipindako ndi kapu yawo yachitsulo. Ankatuluka atagwira tsaya, akudandaula kuti mano awawa, mawa lake n'kubwereranso.

Anaphiri anamwalira chaka cha chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Amalume sanalire pamaliro, anangokhala pampando atagwira chipewa, ndipo anthu ena anawanena. Chaka chotsatira mvula inagwa bwino, abale a Anaphiri anabwera kudzafulula mowa wa bona pakhomo pa amalume, popeza manda anali komweko. Wotsogolera anali mlongo wawo wa malemuwo, a Gelevazio Phiri, mlimi wa thonje, Mkatolika wa kolona m'khosi koma wosalola kuti mwambo uphonyeke. M'mawa wa tsikulo amayi atavundukula mtsuko woyamba, anaupeza uli pakati. Anayang'anana. Amalume, amene anaima pakhomo manja ali kumbuyo, anati mwina waphwa ndi kuwira. Palibe anakhulupirira, koma pamwambo sukangana ndi wamasiye. Anathira pansi wotsalawo, anthu anamwa, anavina, mbiya zinauma, ndipo onse anabalalika akuti Anaphiri apita.

Zinaululika patapita miyezi itatu, chifukwa filiji inkayakabe koma amalume sankapatsanso munthu mowa. A Gelevazio anabwera panjinga masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo anakana mpando. Ine ndinali pakhonde ndikusenda mtedza.

"Alamu, ndamva zoti mlongo wanga mwamuika m'chitsulo."

"Ali bwino, alamu. Sakusowa kanthu."

"Sakusowa kanthu? Mwana wanga Agnesi walota katatu. Akuti azakhali ake aima pakhomo, zovala zili chonyowa, mano akugundana. Salankhula zambiri, angoti kukuzizira, kukuzizira. Katatu, alamu! Munthu anafa, musiyeni apite kwa amake."

Ndinaganiza kuti amalume agonja. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chitenje cha Anaphiri, chija chamaluwa ofiira ankavala popita kutchalitchi. Anatsegula filiji, nakulunga kegi ndi chitenjecho bwinobwino, namanga mfundo pamwamba monga amamangira amayi, natseka.

"Mukamuuze Agnesi kuti tamva," anatero. "Akalotanso mudzandiuze."

A Gelevazio anatukwana mawu amene sindingalembe, nakwera njinga. Koma chimene chinatisowetsa mtendere tonse n'chakuti Agnesi sanalotenso. Kuyambira pamenepo anthu analeka kuseka. Amayi opita kudambo anatsegula kanjira kena kozungulira kuseri kwa nkhokwe, ndipo ana akaponyera mpira pafupi ndi kachipindako ankausiya komweko.

Akulu a mpingo wathu nawonso anabwera, awiri, atavala majekete. Iwo mlandu wawo unali wina: mkhristu wobadwira pamishoni asunga bwanji mowa, ndiponso akhulupirira bwanji za mizimu? Amalume anawafunsa kuti ngati mizimu kulibe, nanga chikuwavuta n'chiyani ndi mgolo wotseka, umene palibe akumwa? Ngati iliko, bwanji akufuna kuthamangitsa mayi wokalamba pakhomo pake? Akuluwo anamwa tiyi, napemphera mwachidule, napita. Mpingo unawaimitsa amalume kudya mgonero, iwo sanadandaule. Ankapitabe Lamlungu n'kukhala kumbuyo, akuimba mokweza ndi mawu awo osalongosoka.

Mnzanga wophunzitsa sayansi anandiuza kuti palibe chodabwitsa. Mowa ukamawira umatulutsa mpweya, ukazizira umawira pang'onopang'ono, basi. Ndinamufunsa kuti ungawire nthawi yaitali bwanji. Anati miyezi ingapo, kenako umafa, mpweya n'kutha. Pamenepo n'kuti zitadutsa zaka zitatu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaumva ndi makutu anga. Nditamuitana kuti adzamve yekha, anati ali ndi mapepala ambiri oti achonge.

Palafini ndiye anawadya amalume. Kawiri pamwezi ankapalasa njinga kupita ku Chipata ndi zigubu ziwiri, pobwera n'kumaikankha pazitunda. Akasowa m'tauni, ankazungulira magolosale onse mpaka atamupeza. Nyali yawo inachita dzimbiri chifukwa dontho lililonse linali la filiji. Kumaliro a kutali sankagonako, kuukwati sankapita. Anaonda, mawondo anayamba kuwakana, koma ukawauza kuti apume ankayankha kuti munthu sapuma pa mkazi wake. Ine ndinkawakwiyira, ndisaname. Ndinkaona ngati ndi umbombo, kumana munthu ulendo wake chifukwa choti iwe ukuopa kukhala wekha. Tsiku lina ndinawauza zimenezo m'maso muli gwa. Iwo anangondipempha kuti ndiwapatsire lumo lodulira chingwe.

Yankho linabwera atagona pamphasa, kutatsala masiku awiri kuti atisiye. Anali masana, kunja nyenje zikulira. Anatulutsa anthu onse nanditsaza ine.

"Esinati, unanditcha waumbombo."

"Pepani, amalume."

"Iyayi, khala pansi. Sukudziwa, unali usanabadwe. Nditangoyamba ntchito ku Kitwe ndinatuma kalata kuti Anaphiri abwere. Ndinalemba zonse, basi yakuti, ukatsike pakuti, ukakwere sitima yakuti. Anafika pa Lusaka, anthu pikitipikiti, zilankhulo zosamva, kalata anaitaya. Anakhala pasiteshoni masiku atatu, pamalo amodzi, atakumbatira kathumba, osadya, kuopa kufunsa munthu. Ine ndinawapeza tsiku lachitatu. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, a Sakala, musadzanditumenso ulendo ndekha. Ndinalonjeza. Zaka zonsezi, ngakhale kupita kwawo kuseri kwa phiriku, ndinkawaperekeza."

Anapuma kaye, ndinawamwetsa madzi.

"Ndiye anthu abwera ndi mbiya zawo kuti lero anyamuke, ulendo wautali kuposa wa ku Kitwe, njira yosaidziwa. Ndikanalola bwanji? Sindinawatsekere kuti ndiwasunge, mwana wa mlongo wanga. Ndinawauza kuti andidikire. Tsono tamvera. Ukasunge moto chaka chimodzi chokha. Tsiku la mowa wanga, ukatsegule kegi, uthire wawo ndi wanga pamodzi, nthawi imodzi. Usatsogoze wina."

Ndinalonjeza, ndipo ndinachita manyazi kwambiri ndi mawu anga aja.

Maliro atatha ndinapita kwa a Gelevazio kukawafotokozera. Anamvetsera atayang'ana pansi, akukanda chipsera cha pachala. Pomaliza anati nkhani ya pasiteshoniyo akuikumbukira, amayi awo analira mwezi wathunthu atamva. Sabata yotsatira anatumiza chigubu cha palafini.

Ndinasunga motowo miyezi khumi ndi umodzi. Ndinaphunzira kudula chingwe, kupukuta mwaye, kudzaza thanki osataya. M'mawa uliwonse ndinkakoka kawaya n'kulonjera, poyamba ndi mantha, kenako mozolowera, mpaka ndinayamba kuwauza Anaphiri za ana a m'kalasi mwanga. Tsiku la mowa wa amalume linaikidwa kumapeto kwa Okutobala. Kutatsala milungu inayi, ndinaganiza zokonza pakhomo poti kudzabwera alendo. Ndinazira nyumba yonse ndi dothi latsopano, ndipo ndinati kachipinda ka Anaphiri kasatsale, iwonso anali mayi waukhondo. Ndinazira mozungulira njerwa zija, ndi madzi ambiri kuti pasalale. Sosala ndinaichotsa kuti ndipukute pamwamba, ndinaiika pawindo, ndipo inakhala pomwepo.

Njerwa imodzi yakumbuyo inatitimira m'dothi lonyowalo. Sindinaone. Lawi linkayaka la buluu, lokongola, ndipo ine ndinkaliyang'ana n'kukhutira. Chitseko sindinkatsegula, monga mwa lamulo. Chimene ndinaona n'chakuti mpweya unayamba kutalika. Tsiku loyamba unatenga nthawi, lachiwiri unachita kulira, lachitatu unatuluka mwamphamvu mpaka kawaya kananjenjemera m'zala zanga. Mwa kupusa kwanga ndinati Anaphiri akusangalala poti tsiku layandikira. Ndinawauza kuti apirire, kwatsala pang'ono.

Linali Lachisanu, kukutentha koti nkhuku zinali kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Ndikuchokera kusukulu masana ndinamva fungo ndili kumsewu. Chitseko cha filiji chinali chotseguka chokha, paipi itasomoka pakegi, ikulendewera. M'kati munali mofunda ngati m'kamwa. Mowa wonse unali utatuluka, nuyenda pansi pomwe ndinazirapo, osalowera kukhomo kumene kunali kotsetsereka, koma kukona ya kumadzulo, n'kulowa m'nthaka. Panatsala thovu lokha likuphulika pang'onopang'ono. Chitenje chinali chitamasuka mfundo, chili pansi. Kunsi kwa filiji lawi linkayakabe bwinobwino.

Ndinagwedeza kegi, inalira ngati ng'oma. Ndinakhala pansi m'matope a mowawo n'kulira kulira kumene sindinalire pamaliro a onse awiri. Zaka zinayi za amalume, ndi mawondo awo, ndi njinga yawo, ine ndinazitaya ndi dothi lozirira, kutatsala milungu itatu.

Ndinaganiza zobisa, kuthiramo mowa wina n'kukhala chete. Ndani akanadziwa? Koma amene ndikanawanamizawo si anthu oti ungawanamize. Ndinapita kwa a Gelevazio. Ndinkayembekezera kuti anena kuti zachitika bwino, mlongo wawo wamasuka. Iwo anangovula chipewa, nafunsa kuti mowawo unalowera mbali iti.

Tsiku la bona, mtsuko woyamba sitinapite nawo kumanda. A Gelevazio anaunyamula okha, ngakhale sunali udindo wawo, nalowa nawo m'kachipindako. Abale a amalume anang'ung'udza, iwo sanacheuke. Anagwada pakona paja, nathira pang'onopang'ono pamalo pomwe panalowera wa mlongo wawo. Nthaka inamwa msangamsanga, osasiya chithaphwi.

"Mlongo," anatero, "pamene mwafikapo khalani pomwepo. Musafunse munthu njira, musasunthe. Alamu anyamuka tsopano, akubwera."

Filiji inatengedwa ndi munthu wa ku Chipata wokonza mawailesi, amene sanafunse mbiri yake, ndipo ife sitinamuuze. Kegi a Gelevazio anaikwirira kumunda kwawo. Nyumba yaikulu mukukhala mdzukulu wina ndi mkazi wake, koma kachipindako anakasiya. Udzu wa padenga unayamba kuthothoka, dzuwa limalowa m'mizeremizere. Kukhoma kwatsala banga lakuda la utsi, lotalika ngati munthu woimirira. Pakona paja dothi linatitimira pang'ono, pakukula ngati lichero, ndipo chiswe chimene chadya mafelemu onse a zitseko chimafika m'mphepete mwake n'kukhota. Mkazi wa mdzukuluyo anayesa kusungiramo maungu, akuti sanagone tulo mpaka atawatulutsa.

Ine ndimadutsabe pamenepo popita kusukulu. Nthawi zina ndimaima pakhomo n'kumvetsera, ndipo mumakhala zii, mopanda ngakhale buluzi. Anthu amati kuli chete chifukwa onse awiri anapita bwino. Mwina n'zoona. Koma milungu itatu ndi yambiri kwa mayi woopa kufunsa njira, ndipo amalume ananyamuka ndi mawondo owawa. Sindikudziwa ngati anawapeza.